Kapinga amene atsamunda anatisiyira: Bulawayo, Livingstone ndi Blantyre

Malume anga ankakonda kunena kuti gofu ndi masewero a anthu okhuta. Ankanena akuseka, poti iwo omwewo anathera unyamata wawo akunyamula chikwama cha ndodo pa kabwalo kena ka pa esiteti ya tiyi, kenaka n'kukhala wosamalira bwalolo mpaka imvi mbuu. Ndili mwana ndinkawaperekeza Loweruka. Pa kabwaloko panalibe kapinga wosalala uja mumamuona pa kanema pozungulira dzenje. Panali mchenga wothira oilo wakutha wa galimoto, wakuda bii, ndipo mpira ukagwera pamenepo malume ankatenga chitsulo chachitali chokhala ndi mpini, n'kukoka kanjira kosalala kuchokera pamene pagona mpira mpaka pa dzenje. Osewera malo oterewa amawatchula kuti browns chifukwa sabiriwira. Fungo la oiloyo dzuwa likamaswa mtengo sindinaliiwale mpaka lero.

Ndiye ine nkhani ya mabwalo akale a gofu ndimaionera kumbuyo kwa chikwama. Ndikafika pa bwalo lakale sindiyamba ndafunsa kuti ndi lovuta bwanji kusewerapo. Ndimafuna kudziwa kuti analilambula ndani, ankafunanji m'dziko muno, nanga atachoka eni dziko anachita nalo chiyani. Mayankho ake amasiyana ukangowoloka malire.

Kuchigawo chathu chino gofu analowera kunyanja ya mchere, ku Cape Town. Kalabu imene lero imatchedwa Royal Cape inayamba mu 1885, ndipo anaiyambitsa ndi mkulu wa asilikali a Britain, Sir Henry Torrens, pa malo a asilikali ku Wynberg. Ku Johannesburg kalabu inayamba mu 1890, golide atangopezeka kumene. Kuchokera pamenepo masewerowa anakwera kumpoto motsatira mfuti, ngolo za ng'ombe ndi njanji. Za ku South Africa ndisiyire pomwepa, chifukwa mabwalo a kumeneko ndi mazanamazana ndipo kuwayerekeza ndi athu n'kudzipweteka mtima dala. Anzathu oyenera kudziyeza nawo ndi awiri aja tinamangidwa nawo mtolo umodzi wa chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963.

Tiyambe ndi Zimbabwe. Bulawayo Golf Club inakhazikitsidwa mu 1895. Taganizani bwino chakachi. Ufumu wa Lobengula unagwetsedwa mu 1893, tauni ya azungu inalengezedwa mu 1894, njanji inadzafika mu 1897. Ndiye kuti anthuwa anayamba kumenya kampira sitima isanalire n'komwe mumzindamo, ndipo patangotha chaka chimodzi Andebele anawaukira mu 1896. Munthu amene akulambula bwalo la masewero pa malo amene phulusa la nkhondo lisanazizire akukuuzani kuti sanabwere kudzacheza. Ku Salisbury kalabu inayamba mu 1898, ndipo mu 1929 inapatsidwa chilolezo ndi mfumu ya ku Britain chotchedwa kuti Royal.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mzinda unasintha dzina mu 1982 kukhala Harare, misewu inasintha maina, zipilala za atsamunda zinazulidwa, dzikolo linatuluka mu Commonwealth mu 2003 mokalipa, koma kalabu ija mpaka pano ndi Royal Harare. Ili pafupi penipeni ndi nyumba ya boma, moyandikana ndi bwalo la kiriketi la Harare Sports Club. Anthu amene anakangana ndi Britain kuposa wina aliyense kuno ndi omwewo amene asunga mawu oti Royal pachipata. Ena amati n'chinyengo. Ine ndimati ndi nzeru za wamalonda: anaona kuti dzina lakale limakoka alendo ndi mipikisano, ndiye analisiya. Mpikisano wa Zimbabwe Open umachitikira pamenepo kawirikawiri, ndipo mitengo yake ikuluikulu ndi kapinga wake zimaoneka kuti pali dzanja limene silinatope nazo ngakhale pa zaka zimene ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala wamba.

Komanso a ku Zimbabwe ali ndi chimene ife tilibe, ndicho anthu oti n'kuwaloza. Nick Price anakulira ku Harare, ndipo anapambana mpikisano wa PGA Championship mu 1992 ndi 1994, komanso Open ya ku Britain mu 1994 momwemo, mpaka kukhala nambala wani padziko lonse. Pali Mark McNulty ndi Tony Johnstone. Koma amene ine amandikhudza ndi Lewis Chitengwa, mnyamata wakuda amene mu 1992 anagonjetsa Tiger Woods pa mpikisano wa achinyamata wa Orange Bowl ku America, ndipo mu 1993 anakhala munthu wakuda woyamba kupambana South African Amateur. Anamwalira mu 2001 ku Canada ali ndi zaka 26 zokha, matenda oumitsa khosi atamugwira pakati pa mpikisano. Mwana wa ku Harare akaima pa bwalo lakale amadziwa kuti wina wa khungu ngati lake anachokera pa kapinga ngati yemweyo n'kukafika kutali. Zimenezi zimasintha mmene munthu amaonera mpanda wa kalabu.

Sikuti kumeneko zonse zili myaa. Timakalabu ta m'maboma ang'onoang'ono, timene tinkayendetsedwa ndi alimi achizungu a fodya ndi chimanga, tambiri tinafa minda italandidwa kuyambira mu 2000. Amene ankapereka thirakitala yotchetchera ndi dizilo anachoka, udzu n'kumera, ng'ombe n'kulowa. Mabwalo a mumzinda anapulumuka, a kumudzi anapita ndi eni ake.

Ku Zambia nkhani inayenda mwina. Bwalo la ku Livingstone linayamba mu 1908, patatha zaka zitatu mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya utamalizidwa mu 1905. Livingstone ndiye linali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911, ndiye osewera ake anali akuluakulu a boma ndi a njanji. Likulu litasamukira ku Lusaka mu 1935, gofu anasamukanso nawo, ndipo bwalo la ku Livingstone linatsala ngati mkazi wamkulu amene mwamuna wamangira nyumba yamalata mkazi wamng'ono. Chimene chalisunga ndi mathithi aja. Mlendo amene wabwera kudzaona madzi akugwa amatha kupatula m'mawa umodzi n'kukasewera pa bwalo la zaka zoposa 100.

Koma mtima wa gofu wa ku Zambia uli kumigodi. Makampani a mkuwa ankamanga tauni yathunthu: nyumba, chipatala, sukulu, bwalo la mpira la anthu akuda, bwalo la gofu la mabwana. Nkana ku Kitwe, Nchanga ku Chingola, Mufulira, Roan Antelope ku Luanshya, komanso la ku Ndola, onsewa ali pamtunda woti munthu n'kuwazungulira pa galimoto tsiku limodzi. Madzi sanali vuto chifukwa migodi imapopa madzi ochuluka kuchokera pansi usana ndi usiku, ndipo ndalama sinali vuto malinga mkuwa ukugulidwa bwino ku London. Bwalo la Nchanga linafika poti mu 1979 magazini ya Golf Digest inaliika pa nambala 14 mwa mabwalo abwino kwambiri kunja kwa America. Ku Chingola, abale anga, osati ku Scotland kapena ku Australia.

Nthawi imeneyo akatswiri a ku Ulaya ankathawa chisanu chakwawo n'kubwera kudzasewera mipikisano ya mu Africa imene inkatchedwa Safari Circuit. Zambia Open inayamba mu 1972. Ian Woosnam anaipambana mu 1985, ndipo patatha zaka 6 anakapambana Masters ku Augusta. Ife a ku Malawi pa ulendo umenewo sitinaliponso, ndege zinkangotidutsa pamwamba.

Vuto la bwalo lomangidwa ndi kampani n'lakuti limadwala kampaniyo ikadwala. Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, migodi inaphatikizidwa pansi pa kampani ya boma ya ZCCM mu 1982, kenaka inagulitsidwa kwa makampani amene si a boma pofika chaka cha 2000. Ogula atsopanowo ankafuna mkuwa, sankafuna kutchetcha kapinga. Mabwalo ena anapeza wowasamalira n'kudzukanso, ena anatsala m'manja mwa mamembala ochepa osonkherana za m'thumba. Luanshya, kumene mgodi unatsekedwa n'kutsegulidwa kangapo, tauni yonse inalawa zowawa, ndiye bwalo la gofu likanapulumuka bwanji palokha.

Chimene a ku Zambia anatiposa nacho ndi Kenneth Kaunda. Mkuluyu ankasewera gofu, ndipo kunyumba ya boma ku Lusaka kuli kabwalo ka maenje 9. Mtsogoleri womenyera ufulu, wa kampango koyera m'manja, akagwira ndodo ya gofu pamaso pa anthu ake, masewerowo amasiya kukhala a azungu okha. Aphunzitsi, akalaliki a m'boma, mainjiniya akuda a kumigodi analowa m'makalabu osachita manyazi. Kwathu kuno Kamuzu anali ndi chipewa chake, suti ya zidutswa zitatu ndi litchowa, Chingelezi chake choposa cha Angelezi eni ake, koma gofu sanamutengere pamtima. Anatengera pamtima Chilatini ku Mtunthama.

Za ku Mozambique ndi Tanzania ndingodutsamo. Apwitikizi sanali anthu a gofu, ndiye mabwalo akale a kumeneko ali ku madoko, ku Beira ndi ku Maputo, kumene kunkakhala Angelezi a zamalonda ndi za sitima. Nkhondo ya pachiweniweni imene inatha mu 1992 sinasiye mpata woganiza za kapinga. Ku Tanzania kuli makalabu otchedwa Gymkhana ku Dar es Salaam ndi ku Arusha, ndi timabwalo ta m'minda ya tiyi ku Mufindi ndi ya nzimbe ku Moshi. A ku Tanzania ndiye amafanana nafe kwambiri, mpaka dzina loti Gymkhana, limene Angelezi analitola ku India, tili nalo tonse.

Tsopano kwathu. Pali chinthu chodabwitsa apa. Gofu kwawo ndi ku Scotland, ndipo chiwerengero cha maenje 18 chinakhazikika ku St Andrews mu 1764. Mwa maiko onse a kuno, palibe limene linaumbidwa ndi anthu a ku Scotland kuposa Malawi. Mishoni ya Blantyre ya mu 1876 ndi yawo, dzina lenilenilo ndi la mudzi umene anabadwira David Livingstone, a Mandala anali abale awiri a kwa Moir ochokera ku Edinburgh, Livingstonia ndi yawo. Munthu ukanayembekezera kuti dziko lino lidzaze ndi mabwalo a gofu. Koma anthu a ku Scotland amene anabwera kuno anabwera ndi Baibulo, sikelo ndi mbewu ya khofi. Golide kunalibe, mkuwa kunalibe, azungu anali ochepa, ndiye mabwalo athu ambiri anatsalira pa maenje 9. Umazungulira kawiri kuti ukwanitse 18.

Komabe pa ukale sitichepa. Blantyre Sports Club inakhazikitsidwa mu 1896, chaka chimodzi pambuyo pa kalabu ya ku Bulawayo, zaka ziwiri Royal Harare isanabadwe, zaka 12 ya ku Livingstone isanayambe. Dzikoli nthawi imeneyo linkatchedwa British Central Africa, dzina loti Nyasaland linadzakhazikika mu 1907. Kalabuyi si ya gofu yekha, koma kabwalo kake ka maenje 9 kali pomwepo kumunsi kwa Victoria Avenue, m'mbali mwa Mudi, mphindi zochepa kuchokera pamene mavenda akukuwa. Anthu ambiri amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku sadziwa kuti kuseri kwa mpandawo kuli kalabu yamsinkhu umodzi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamalizidwa mu 1891, ndi nyumba ya Mandala ya mu 1882. Ziwiri zinazo timapita nazo alendo kukajambulitsa. Chachitatuchi timangochilambalala.

Limene ndimalikonda ine ndi la ku Zomba, la Gymkhana Club. Lili pakati penipeni pa tauni, phiri litaima kumbuyo kwake ngati khoma. Tsiku lina ndinakhala pansi pa mtengo m'mphepete mwake cham'mawa, nkhungu isanachoke kuphiri. Bambo wina wa kabudula woyera anaika kampira pansi, n'kuyeza ndodo kawiri, kenaka n'kuima. Kutsogolo kwake kunkadutsa amayi atatu atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndipo pambuyo pawo ana a sukulu awiri akukankhana. Bamboyo anadikira, ndodo ili paphewa, mpaka onse atadutsa. Amayiwo sanafulumire ngakhale pang'ono, ndipo womaliza anawerama pang'ono n'kupereka moni wa m'mawa, bamboyo n'kuyankha. Kenaka anamenya, mpira n'kupita kumanzere m'mitengo. Ku Royal Harare zoterezi simungazione, kumeneko mpanda ndi mpanda. Pa bwalo limeneli pankasewera akuluakulu a boma la atsamunda nthawi imene Zomba linali likulu, mpaka likululo linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndiye mbiri yake ikufanana ndi ya Livingstone. Kusiyana kwake n'kwakuti Livingstone anatsala ndi mathithi okoka madola, pamene Zomba anatsala ndi ophunzira a ku Chancellor, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi ndende.

Kalabu ya ku Limbe inayamba mu 1923, m'tauni ya njanji ndi fodya. Ya ku Lilongwe inayamba mu 1930, pamene fodya anali atayamba kufalikira m'chigawo chapakati ndipo Lilongwe anali kaboma chabe ka fumbi. Likulu linachita kuipeza kalabuyo ili kale pamenepo m'mbali mwa mtsinje, ndipo lero ndiyo ili ndi bwalo la maenje 18 limene timalandirirapo alendo. Enawo ndi a m'minda: ku Thyolo ndi ku Mulanje a tiyi, ku Nchalo ndi ku Dwangwa a nzimbe. Pa la ku Mulanje munthu umaiwala kuwerenga kuti wamenya kangati chifukwa maso amangothawira kuphiri. Ndikadafunsidwa kuti mwa maiko atatuwa mabwalo okongola mwachilengedwe ali kuti, ndikanayankha mosaphethira kuti kuno, kupatulapo mwina a ku mapiri a Vumba ndi Nyanga ku Zimbabwe. Koma pa kusamala a ku Zimbabwe atisiya kutali, ndipo pa kulowetsa eni dziko m'masewerowa a ku Zambia anatitsogolera ndi m'badwo wathunthu.

Pamene tonse atatu tikulephera mofanana ndi pa makoma a m'makalabumo. Lowani mu kalabu yakale iliyonse, mupeza matabwa a vanishi olembedwa ndi utoto wagolide: maina a ma captain chaka ndi chaka, maina a opambana zikho. Ukamawerenga kuchokera pamwamba umaona maina a Chingelezi ndi a ku Scotland okhaokha, kenaka penapake m'munsi muno mumayamba kutulukira a Banda, a Phiri, a Moyo, a Mwale. Mzere umene maina amasinthirawo ndi mbiri ya dziko yolembedwa mwachidule kuposa buku lililonse la sukulu. Koma palibe thabwa la ma caddie, onyamula zikwama aja. Palibe thabwa la anthu amene anazula zitsa, kusenza mchenga pa mitu ndi kutchetcha maekala onsewo ndi zikwakwa makina asanabwere. Ndipo tisaiwale kuti ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Zambia, ambiri mwa ogwira ntchito za m'minda ya maluwa, ophika ndi operekera zakudya anali amuna a ku Nyasaland, machona athu aja. Thukuta la kwathu lili pansi pa kapinga wa anzathuwo.

Nkhani imene imaonetsa bwino za mpanda umenewu inachitika ku Durban. Papwa Sewgolum, mmwenye wosauka amene anaphunzira gofu akunyamula zikwama ndipo ankagwira ndodo mopingasa manja, anapambana Natal Open mu 1963 pa Durban Country Club. Malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabuyo, ndiye chikho anachilandirira panja mvula ikugwa. Munthuyu anali atapambana kale Dutch Open mu 1959 ndi 1960, ndipo mu 1965 anagonjetsa Gary Player pa Natal Open yomweyo. Kuno malamulo sanalembedwe mwankhanza choncho, koma khomo lakumbuyo linali lomwelo. Amati tsobola wakale sawawa, koma malume anga ankati akafika pa khonde la kalabu ija, ngakhale azungu atachoka kalekale ndipo wapampando ali munthu wakwathu, miyendo inkaima yokha pa sitepe yoyamba.

N'chifukwa chake ndimawamvetsa amene amati mabwalowa agawidwe mapuloti. Bwalo la maenje 18 limadya mahekitala oposa 40, pakati pa mzinda umene anthu akupanikizana ku Ndirande kapena ku Mtandire, ndipo osewerapo ndi ochepa. Ku Cape Town mkanganowu unafika poyera, anthu akufunsa chifukwa chimene malo a khonsolo akubwerekedwa kwa makalabu a gofu pamtengo wozizira pamene osauka alibe pogona. Funsolo ndi lachilungamo. Koma ndikayang'ana mapiri a Ndirande ndi Soche mmene ametedwera mpala, n'kuyang'ana mitengo ikuluikulu imene yatsala pa mabwalo a gofu a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ndimaona kuti mpanda umene unatsekera agogo athu kunja ndi womwewo umene watchinga nkhwangwa. Tikagawa mapuloti, osauka sadzapezapo ngakhale kachigawo. Padzamera malo omwetsera mafuta ndi mashopu a matayala, ndipo mbawa ya zaka 100 idzasanduka matabwa pa sabata imodzi. Kuli bwino chipata chitsegukire ana a sukulu masiku ena pa sabata, ndipo ma caddie aziloledwa kusewera ndi kupikisana, monga makalabu ena ayamba kale kuchitira. Osewera abwino kwambiri amene ndawaonapo kuno ambiri anayamba ndi kunyamula chikwama.

Malume anali ndi ndodo yawoyawo. Anaisema kuchokera ku nthambi ya gwafa yopindika kumapeto, ndipo ankaibisa m'tchire kuseri kwa dzenje lachisanu ndi chiwiri pamodzi ndi timipira titatu timene anatola mumtsinje. Lolemba m'mamawa, mabwana ali ku ofesi, ankaitulutsa. Tsiku lina anandipatsa kuti ndiyese. Ndinamenya nthaka, dzanja n'kuchita dzanzi mpaka m'phewa, kampira kali pomwepo. Iwo anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anati, "Mphwanga, ukumenya ngati ukupha njoka. Taona." Anaima opanda nsapato pa mame, anakweza gwafa uja pang'onopang'ono, ndipo kampira kanauluka kudutsa mtsinje n'kukagwera pa mchenga wa oilo uja, mapazi angapo kuchokera pa dzenje. Anandituma kuti ndikakatole msanga, ndifufutenso ndi chitsulo chija pamene kanagwera, kapitawo asanatulukire.